Tiyi Woondetsa ndi Mapiritsi Ake

Inu amene munali kale aakulu m'zaka za m'ma 1990 mukukumbukira kuti masiku amenewo kuonda sikunali cinthu cocifunafuna. Munthu akangoyamba kutsika thupi, anansi anali kunong'onezana kuseri kwa nyumba, ndipo dzina la nthenda ija, kaliondeonde, linali kunenedwa ndi mau apansipansi. Mlendo akafika kucokera ku Lusaka kapena ku migodi, moni wake woyamba unali wakuti, "Koma mwanenepa!" Womvayo anali kusekerera, pakuti anali atauzidwa kuti ali moyo, akudya bwino, ndipo pabanja pake pali mtendere. Lero mau omwewo angathe kuliza mtsikana usiku wonse.

Sitikunena kuti nkhawa ya kunenepa ndi yopanda pake. Kafukufuku wa za umoyo amene boma lathu limacita m'dziko lonse anapeza kuti m'zaka za 2001 ndi 2002, mwa amai 100 alionse a zaka 15 kufikira 49, amai 12 anali olemera kopitirira muyeso. Mu 2007 anali 19, ndipo m'zaka za 2013 ndi 2014 anafika pa 23. Kunenepa kwambiri kumabwera ndi anzake: matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, kuwawa kwa maondo ndi sitiroko. Munthu wofuna kucepetsa thupi sakulakwa konse. Funso lathu mwezi uno lili pa timapaketi ta tiyi, timabotolo ta mapiritsi ndi ufa wosungunula m'madzi, zimene zadzaza m'misika, m'masaluni ndi m'mafoni mwathu. Kodi zimagwira nchito? Ndipo ngati zimagwira, thupi limalipira ciani?

Cimene catilembetsa nkhaniyi cinacitika m'banja mwathu momwe. Mwana wa mlongo wathu anali kukonzekera ukwati, ndipo telala anali atasoka kale diresi. Patatsala milungu isanu ndi umodzi, diresi lija linakana kutseka kumsana. Mnzake wina wa kunchito anamupatsa nambala ya mai wina wogulitsa tiyi ndi makapusozi pa WhatsApp. Papaketi panali cithunzi ca masamba obiriwira, ndi lonjezo lakuti makilogalamu 5 adzacoka pa mlungu umodzi. Sikelo inatsikadi, ndipo mwanayo anakondwa kotero kuti anayamba kumwa makapu awiri m'malo mwa imodzi. Usiku sanali kugona, kukamwa kunali kuuma, mtima unali kugunda ngati ng'oma ya vimbuza, ndipo njira ya kucimbudzi anaipondaponda mpaka udzu unafa. Tsiku la kicheni pati, alangizi ali pakati pa mwambo, anagwa pansi. Tinakamupeza ku kiliniki ali pa diripi.

Titamufunsa kuti, "Iwe mwana, unali kumwa ciani?" anayankha monyowa kuti, "Amalume, si mankhwala ai. Ndi zitsamba cabe." Anamwino amene anali pamenepo anatenga botolo lija, nalitembenuza uku ndi uku, ndipo anatiuza kuti palibe dzina la amene anapanga, palibe dziko limene linacokera, ndiponso palibe nambala yosonyeza kuti linalembetsedwa. Ngakhale iwo sanathe kudziwa cimene cinali m'kati mwake.

Tiyeni tiyambe ndi makilogalamu 5 aja. Mafuta a m'thupi ndi nkhokwe ya cakudya. Kilogalamu imodzi ya mafuta amenewa imasunga mphamvu yofanana ndi cakudya conse cimene munthu wamkulu amadya pa masiku atatu kapena anai. Werengani nokha: ngakhale munthu atasala osalawa kanthu mlungu wathunthu, mafuta amene angasungunuke sangafike makilogalamu 5. Tsono cimene cimacoka pa sikelo m'masiku oyambawo ndi madzi ndi zotsalira za m'matumbo. Tiyi wambiri wotereyu amakhala ndi tsamba la senna, limene ndi mankhwala otsegula m'mimba. Senna amagwira nchito m'matumbo aakulu, kumene cakudya cimafika thupi litayamwa kale pafupifupi zonse zonenepetsa. Nsima yalowa kale m'magazi. Cimene cikutuluka ndi madzi ndi mcere wa m'thupi, makamaka potaziyamu, amene amathandiza mtima kugunda mwadongosolo. Mukamwa madzi masiku awiri, sikelo ibwerera pomwe inali. Wogulitsa adzakuuzani kuti mwasiya msanga, gulaninso paketi ina.

Mau akuti "ndi zitsamba cabe" ndi amene tifuna kukhalapo pang'ono, cifukwa ambiri a ife tinaleredwa ndi mizu ndi makungwa, ndipo timakhulupirira kuti comera m'nthaka sicingapweteke munthu. Koma mwabvi nawo unali khungwa la mtengo.

Mu mzinda wa Brussels ku Belgium munali kiliniki yocepetsa thupi imene inali ndi madotolo enieni, yosiyana kutali ndi kugula pa foni. Mu 1990 anawonjezera zitsamba za ku China m'makapusozi amene anali kupatsa amai. Citsamba cimodzi cimene anaitanitsa cinali Stephania tetrandra, koma cimene cinafika cinali Aristolochia fangchi, cifukwa maina a ziwirizi m'cinenero ca ku China amamveka ofanana. Pasanapite zaka zitatu, madotolo a impso anayamba kudabwa kuona amai acitsikana, amene analibe nthenda ina iliyonse, akubwera impso zao zitauma. Nkhaniyi inafalitsidwa mu 1993. Odwala anapitirira 100, ndipo ambiri a iwo anakhala pa makina otsuka magazi kapena kufuna impso ya munthu wina. Zinthu sizinathere pomwepo. Mu 2000 kunamveka kuti mwa odwala 39 amene anacitidwa opareshoni yocotsa impso zakufazo, 18 anapezeka ndi khansa ya m'njira ya mkodzo. Ngati zimenezi zinacitika ku Ulaya, kumene odwala anali pafupi ndi makina otsuka magazi, tiganizire za mai wa ku Chadiza kapena ku Nyimba, amene makina otero ali kutali naye.

Cina cinacitika pafupi ndi kwathu kuno. M'cipululu ca Kalahari mumamera comera caminga cochedwa Hoodia, cimene anthu a mtundu wa San anali kutafuna pa ulendo wa uzimba kuti asamve njala. Bungwe la kafukufuku la boma la South Africa, CSIR, linatenga umwini wa mankhwala ake m'zaka za m'ma 1990, ndipo eni ake a nzeruyo anayenera kucita kulimbana kuti mu 2003 avomerezedwe kulandirako gawo. Makampani aakulu anathamangira. Pfizer inayesa, niisiya mu 2003. Unilever inayesa pa amai 49 kwa masiku 15, ndipo inapeza kuti amene anamwa Hoodia sanadye mocepa kapena kuonda kuposa anzao amene anamwa cinthu copanda mankhwala. M'malo mwake anamva nseru, ena anasanza, ndipo magazi ao anathamanga kuposa kale. Mu 2008 Unilever nayo inasiya. Koma dzina la Hoodia linapitirira kulembedwa pa mabotolo.

Apa pali cinthu cimene ambiri sadziwa. Pamene botolo lalembedwa kuti lacokera ku America, timaganiza kuti boma la kumeneko linaliyesa. Koma lamulo lao la mu 1994 limalola kuti zinthu zogulitsidwa monga zoonjezera pa cakudya zifike pamsika popanda kuyamba zatsimikiziridwa kuti zimagwira nchito. Boma limalowererapo pambuyo, anthu atayamba kudwala. Ndi mmene zinakhalira ndi citsamba ca ephedra, cimene cinaletsedwa mu 2004, patapita caka cimodzi wosewera mpira wa baseball wa zaka 23, Steve Bechler, atamwalira pa masewera okonzekera. Ndi mmenenso zinakhalira ndi mapiritsi a Hydroxycut, amene anacotsedwa m'masitolo mu 2009 anthu atadwala ciwindi. Ngakhale tiyi wobiriwira, amene m'kapu alibe vuto, akaunjikidwa m'kapusozi amasanduka cinthu cina. Akatswiri a za cakudya a ku Ulaya anacenjeza mu 2018 kuti mlingo waukulu wa mankhwala ake ungavulaze ciwindi.

Tsono wina adzati, "Koma mnzanga anamwa makapusozi, njala inamuthera ndipo anaondadi." Tikukhulupirira. Ndipo pamenepa ndi pamene ife timaopa koposa. Mwambi wa makolo uja wakuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere ukukwana bwino apa. Panali mankhwala a cipatala ochedwa sibutramine, amene anali kugulitsidwa ndi maina a Reductil ndi Meridia. Anali kuthetsadi njala. Koma atayesedwa pa anthu pafupifupi 10,000 amene anali ndi matenda a mtima kapena a shuga, kunapezeka kuti ngozi ya kudwala mtima mwadzidzidzi ndi sitiroko inakwera ndi 16 peresenti. Mu 2010 anacotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America. Kodi anapita kuti? Akatswiri atasanthula zolemba za bungwe la FDA la ku America za zaka za 2007 kufikira 2016, anapeza mitundu 317 ya zoondetsa imene munali mankhwala obisika, osalembedwa pa botolo. Mwa imeneyi, 269 inali ndi sibutramine. Kunja masamba obiriwira, m'kati mankhwala oletsedwa, ndipo mlingo wake palibe woudziwa. Zizindikiro zake ndi kuuma kukamwa, kusowa tulo ndi kugunda kwa mtima. Sitinayeze makapusozi a mwana wa mlongo wathu, cotero sitingalumbire. Koma zizindikirozo tinaziona ndi maso athu.

Tisaganize kuti mankhwala a madotolo okha ndiwo akhala oyera pa nkhani imeneyi. Mbiri yake ndi yomvetsa cisoni. DNP anali mankhwala a m'mafakitale a zida za nkhondo. Mu 1933 anayamba kupatsidwa kwa anthu onenepa, ndipo mu 1938 analetsedwa ku America ena atacita khungu ndi ena atafa. Amatenthetsa thupi mpaka munthu kupsa m'kati, ndipo palibe mankhwala oletsa ululu wake. Anabweranso kudzera pa intaneti, napha anthu oposa 30 ku Britain kuyambira mu 2007, ambiri a iwo acinyamata. Fen-phen anachuka kwambiri m'zaka za m'ma 1990, kufikira mu July 1997 pamene madotolo a ku Mayo Clinic analengeza za amai 24 amene zitseko za mitima yao zinaonongeka. Mu September caka comweco fenfluramine anacotsedwa pamsika. Ku France, Mediator anamwedwa zaka zoposa 30 asanaletsedwe mu 2009, dotolo wamkazi Irène Frachon atalimbikira kuulula, ndipo akuti anapha anthu osacepera 500. Rimonabant anacotsedwa mu 2008 cifukwa ca matenda a maganizo ndi kufuna kudzipha, ndipo lorcaserin mu 2020 cifukwa ca khansa. Ambiri mwa amenewa anayamba ayesedwa, nalembetsedwa, napatsidwa ndi madotolo, komabe ngozi yao inaonekera pambuyo. Nanga kuli bwanji kapusozi yopanda dzina?

Kunena zoona, alipo mankhwala amene amathandiza, ndipo tingalakwe kubisa. Orlistat, wodziwika ndi dzina lakuti Xenical, amaletsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mafuta a m'cakudya kulowa m'thupi. Pa caka cathunthu amacotsa makilogalamu pafupifupi 3 kuposa amene munthu akanacotsa ndi kadyedwe kokha, ndipo mafuta otsalawo amatuluka m'njira imene ingacititse munthu manyazi pa minibasi. Amphamvu kuposa amenewa ndi a nyeleti ya kamodzi pa mlungu, semaglutide, amene kampani ya Novo Nordisk ya ku Denmark inatulutsa monga Ozempic wa matenda a shuga mu 2017 ndi monga Wegovy wa kunenepa mu 2021. Pa kuyesa kwa anthu 1,961, amene analandira nyeletiyo kwa milungu 68 anatsika pafupifupi 15 peresenti ya thupi lao, kutanthauza makilogalamu 15 kwa munthu wolemera makilogalamu 100. Zimenezi si bodza la amalonda. Koma taonani mbali inayo. Ambiri amamva nseru, kusanza ndi kutsegula m'mimba; ena amadwala ndulu. Mai wapakati kapena wofuna kutenga pakati sayenera kuwagwiritsa nchito. Amene anasiya nyeleti, pomatha caka cimodzi anali atabwezera magawo awiri mwa atatu a thupi limene anataya, cotero ndi mankhwala a nthawi yaitali monga a BP, ndipo mtengo wake suli wa mphunzitsi kapena wa mai wogulitsa tomato. Akuba nao sanagone. Mu October 2023 anthu ena ku Austria anagonekedwa m'cipatala atadzibaya Ozempic wabodza amene m'kati munali insulini, ndipo mu June 2024 bungwe la WHO linacenjeza dziko lonse za nyeleti zabodza zopezeka ku Brazil, ku Britain ndi ku America. Nyeleti yogula kwa munthu amene waisunga m'cikwama, osati m'firiji, ndiponso wosafunsa kalata ya dotolo, ife sitingalole mwana wathu kuibaya.

Kuno kwathu lamulo la mu 2013 linakhazikitsa bungwe la ZAMRA loyang'anira mankhwala ndi malo ogulitsira mankhwala. Muli ndi ufulu wofunsa wogulitsa ngati cimene akugulitsa cinalembetsedwa, ndi kunyamula botolo kupita nalo kwa wa famase kapena ku kiliniki musanamwe. Safunsa anadya phula. Tikunena izi makamaka kwa inu amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku: a BP, a shuga, a khunyu kapena ma ARV. Cotsegula m'mimba cimathamangitsa mapiritsi anu asanalowe bwino m'thupi, ndipo zitsamba zina zimafooketsa mphamvu yao. Madotolo aona kuti ena amene amamwa ma ARV okhala ndi dolutegravir amanenepa, makamaka amai. Ngati zakucitikirani, kakambeni ku kiliniki kumene mumalandira mankhwala. Musasiye ma ARV cifukwa ca citenje cimene cacepa, ndipo musaikepo tiyi wa pamsika mwakabisira. Komanso amene mukuonda musanacite kanthu kalikonse kofuna kuonda, musakondwere; pitani mukapimitse shuga, cifuwa cacikulu ndi zina.

Tsono munthu acite ciani? Yankho lake silokoma kumva, ndipo palibe amene angalemere pa kuligulitsa. Ku America anthu 3,234 amene anali pafupi kudwala shuga anagawidwa m'magulu. Gulu lina linathandizidwa kusintha kadyedwe, kuyenda mphindi 150 pa mlungu ndi kuyesa kutaya 7 peresenti ya thupi. Zotsatira zake zinatuluka mu 2002: matenda a shuga anacepa ndi 58 peresenti m'gululo, kuposa m'gulu limene linapatsidwa mapiritsi a metformin. Kwa mai wa makilogalamu 90, 7 peresenti ndi makilogalamu 6 cabe, ndipo kutaya theka la kilogalamu pa mlungu kumamufikitsapo m'miyezi itatu. Botolo laling'ono la zakumwa zozizira lili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono asanu ndi atatu kapena kuposa. Onjezani atatu kapena anai a mu tiyi wa m'mawa, vitumbuwa viwiri, saladi wosambira mu lepu, ndi mitanda itatu ya nsima ya bulekifasi usiku munthu atakhala pa mpando tsiku lonse. Agogo athu anali kudya nsima yambiri, inde, koma anali atacokera kumunda ndi khasu, ndipo ndiwo zao zinali cibwabwa, bonongwe, nyemba ndi therere. Ngati mulibe sikelo, tengani cingwe, muciyeze ndi msinkhu wanu kucokera kumutu kufika kumapazi, mucipinde pawiri, ndipo muzungulize pamimba capamcombo. Ngati nsonga zake sizikumana, nthawi yakwana yokaonana ndi anamwino.

Tili ndi mau kwa inu azibambo, ndipo tikudziwerengera ife tomwe. Amai ambiri amene amagula tiyi ameneyu sanawerenge za matenda a shuga. Anamva mau patebulo. Mkazi wakubalirani ana anai, thupi lake lasintha cifukwa ca nchito imene inu simungaigwire, ndipo inu mukumufanizira ndi atsikana a pa Facebook, pamene lamba wanu anasowa kale boo lomangapo. Mau onenedwa moseka pamaso pa alendo ndi amene amatuma mai kukabisa botolo pansi pa zovala m'sutukesi. Azakhali ndi alangizi, inunso mumatha kunena mtsikana pamaso pa gulu kuti wadzaza mpando. Ngati nkhawa yanu ndi umoyo wake, cepetsani saladi ndi shuga m'nyumba yonse, ndipo madzulo muyende naye limodzi.

Mwana wa mlongo wathu anatuluka ku kiliniki tsiku lotsatira. Mlungu usanathe, makilogalamu ake onse anali atabwerera, ndipo makwaca amene anapereka sanabwerere. Mai wogulitsa uja atamuimbira, anayankha kuti kugwa pansi ndi cizindikiro cakuti zoipa zikutuluka m'thupi. Ife tikhulupirira kuti nayenso sanali kudziwa cimene anali kugulitsa, pakuti anali kungopikula kwa wina. Amai ake a mwanayo anatenga diresi lija kubwerera nalo kwa telala. Bambo wacikulire uja analiyang'ana, naseka, nati, "Amai, mukanabwera kalekale. Ine ndimasiya nsalu m'kati mwa msoko pa diresi lililonse la mkwatibwi." Anasula misoko iwiri ya m'mbali, ndipo nchitoyo inamutengera ola limodzi.